Chindapusa Chokha Sichichiza Uchidakwa

Aliyense amene adayendapo pa msewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre akupadziwa pa Phalula. Ukangodutsa pa Chingeni, pamene pamapatukira msewu wa ku Balaka ndi Liwonde, umalunjika kumwera mpaka kukafika pa mlatho wa mtsinje wa Shire pa Zalewa, ndipo Phalula ali pakati pa malo awiriwa. Makolo athu ena mpaka lero amati Phalula ngwa ku Machinga, poti Balaka idakhala boma payokha m'chaka cha 1998. Mabasi, maminibasi ndi mathiraki onyamula katundu wolowera pa chipata cha Mwanza amadutsa pamenepa usana ndi usiku. M'mphepete mwa msewu womwewo muli amayi ogulitsa malonda, anyamata a kabaza, matumba a makala ndiponso ana opita ndi kubwera ku sukulu. Nthawi zina pakati pa tayala la thiraki ndi phazi la mwana pamangotsala mpata wa mikono iwiri basi.

Tsono taganizani za dalaivala amene akulowa pa Phalula ataledzera. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi yokha. Mowa umachedwetsa uthenga wochoka m'maso kupita ku ubongo ndi wochoka ku ubongo kupita ku phazi, kotero kuti munthu woledzera akachedwa kuponda mabuleki ndi sekondi imodzi, ndiye kuti wayenda mamita 22 ngati wotsinzina. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidanena m'chaka cha 2023 kuti anthu okwana 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo kuti poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, imfa zimenezi nzochuluka kuno ku Africa kuposa kwina kulikonse. Mowa ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu za ngozizi.

Za kuipa kwa kuyendetsa galimoto utaledzera palibe amene angatsutse. Funso langa ndi lina: munthu wotere akagwidwa, bwalo la milandu nkumupeza wolakwa, tizichita naye chiyani kuti mawa asadzadutsenso pa Phalula ali chimodzimodzi? Maganizo anga ndi akuti chilango chiziyendera limodzi ndi chithandizo chomuchotsa mu ukapolo wa mowa, ndipo laisensi yake isamabwerere m'thumba mwake chithandizocho asanachilandire. Ndikukhulupiriranso kuti Mpingo wathu uli ndi gawo lalikulu pa ntchito imeneyi.

Zimene lamulo limachita

Lamulo la pamsewu la Road Traffic Act la m'chaka cha 1997 lidaletsa kuyendetsa galimoto munthu ataledzera ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, ndipo lidaika malire a mowa m'magazi pa magalamu 0.08 m'mamililita 100 aliwonse. Apolisi a pamsewu ali ndi kachipangizo kopumiramo kamene kamaonetsa kuchuluka kwa mowa m'thupi. Munthu akapezeka wolakwa, chimene timachiona kawirikawiri ndi chindapusa, ndende, kapena kumulanda laisensi kwa kanthawi. Boma lidayesanso njira zina. M'chaka cha 2015 lidaletsa mowa wa m'masacheti umene udasakaza achinyamata ambiri, ndipo m'chaka cha 2017 lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa.

Zonsezi nzabwino ndipo tiyenera kuziyamikira. Koma tiyeni timutsatire dalaivala uja akatuluka m'khoti. Chindapusa alipira abale ake atagulitsa mbuzi, kapena alipira bwana wake mwini minibasi amene akufuna kuti galimoto ibwerere pamsewu mawa lomwe. Mlandu watha. Nanga ludzu lija latha? Ngati wapita ku ndende, atuluka patapita miyezi ingapo ntchito itamuthera, banja litasokonezeka, anzake a ku bala akumudikira kuti amulandire. Chifukwa chimene ankamwera chikadalipo, ndipo tsopano chaonjezereka. Tadula nthambi, koma muzu tausiya m'nthaka.

Uchidakwa ndi matenda

Si aliyense wogwidwa ataledzera amene ali chidakwa. Wina adangomwa pa ukwati wa mphwake nkuganiza mopusa kuti akafika bwinobwino. Wotereyu chindapusa chowawa ndi maphunziro a masiku ochepa zingathe kumutsegula maso. Koma alipo ena amene mowa udawalowa m'mafupa. Amadzuka m'mawa manja akunjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumasiya pokhapokha akalawako. Amalonjeza mkazi ndi ana kuti asiya, ndipo polonjezapo amanenadi zochokera pansi pa mtima, koma Loweruka lisanafike agwanso. Madokotala amati amenewa ndi matenda, chifukwa mowa wa zaka zambiri umasintha kagwiridwe ntchito ka ubongo, mpaka thupi limaufuna monga momwe limafunira chakudya.

Pali zinthu ziwiri zimene makolo ndi ansembe ayenera kuzidziwa pa matendawa. Choyamba, mowa suchoka m'thupi ndi khofi, kusamba madzi ozizira kapena kudya nsima yambiri. Makamaka chiwindi ndicho chimauchotsa, ndipo chimachita pang'onopang'ono, pafupifupi botolo limodzi laling'ono pa ola limodzi kapena kuposerapo. Dalaivala amene wamwa mpaka 2 koloko usiku nkudzuka 5 koloko m'mawa kukanyamula anthu, akadali woledzera ngakhale wasamba ndi kuvala malaya ochapa. Kachasu ndiye woopsa koposa chifukwa palibe amene amadziwa mphamvu ya botolo limene wagula. Chachiwiri, munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi angathe kudwala koopsa. Pakapita masiku 2 kapena 3 ena amakomoka ngati a khunyu, ena amabwebweta ndi kuona zinthu zoti palibe, ndipo popanda chithandizo cha kuchipatala ena amafa kumene. Ndiye kungomutsekera m'chitolokosi nkumati ausiya yekha mowa kumeneko ndi kuseweretsa moyo wa munthu.

Kunena kuti uchidakwa ndi matenda sikutanthauza kuti munthuyo alibe mlandu. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa m'chaka cha 1992, pa ndime 2290, amaphunzitsa kuti munthu woika pa chiswe moyo wake ndi wa anzake pamsewu chifukwa cha kuledzera kapena kukonda liwiro ali ndi tchimo lalikulu. Wodwala chifuwa chachikulu salakwa chifukwa chodwala, koma akakana mankhwala nkumakatsokomolera ana dala, pamenepo ndiye walakwa. Chimodzimodzinso chidakwa chimene chikudziwa vuto lake koma nkugwirabe chiongolero.

Zimene anzathu adayesa

Maiko ena adaona kale kuti anthu omwewo ndiwo amabwererabwerera m'khoti ndi mlandu womwewo. Ku Britain, bwalo likamulanda munthu laisensi kwa miyezi 12 kapena kuposerapo chifukwa cha kuledzera, lingathe kumupatsa mwayi wokachita maphunziro a za mowa ndi kuyendetsa galimoto. Amalipira yekha, ndipo akamaliza, nthawi ya chiletso imatha kuchepetsedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 4. Ku America, mu mzinda wa Miami, m'chaka cha 1989 adayambitsa bwalo lapadera la milandu ya mankhwala ozunguza bongo, pamene woweruza amamutsatira wolakwa mwezi ndi mwezi kuti aone ngati akupitadi ku chithandizo. Pambuyo pake adayamba kuchita chimodzimodzi ndi madalaivala ogwidwa ataledzera mobwerezabwereza.

Ife Akatolika tisaganize kuti nzeru zimenezi nzachilendo kwa ife. Gulu la Alcoholics Anonymous, m'mene zidakwa zofuna kusiya mowa zimakumana ndi kulimbikitsana, lidayamba m'chaka cha 1935 ku Akron, m'chigawo cha Ohio ku America, ndi anthu awiri, Bill Wilson ndi Dr Bob Smith. Mu mzinda womwewo, m'chaka cha 1939, Sisitere Ignatia Gavin adayamba kugoneka zidakwa pa chipatala cha St Thomas ngati odwala ena onse, pa nthawi imene zipatala zambiri zinkawakana anthu otere. Ku Ireland, Bambo James Cullen a chipani cha Ajezuiti adayambitsa gulu la Pioneer la anthu osala mowa m'chaka cha 1898. Ku Dublin komweko kudali Matt Talbot, mlebala wamba amene adayamba kumwa ali ndi zaka 12 nakhala chidakwa chotheratu, koma adasiya ali ndi zaka 28 ndipo sadalawenso mpaka imfa yake m'chaka cha 1925. Papa Paulo VI adamutcha Wolemekezeka m'chaka cha 1975. Mpingo umene ukuganizira zoika chidakwa chakale m'gulu la oyera sungathe kunena kuti dalaivala wa minibasi ndi wosachizika.

Kuno kwathunso poyambira palipo. Abulazala a St John of God adafika ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, ndipo pa ntchito zawo zosamala odwala matenda a m'maganizo palinso chithandizo cha anthu ofuna kusiya mowa ndi chamba. Ntchitoyi adaifikitsanso ku Lilongwe. Ku Zomba kuli chipatala cha boma cha matenda a m'maganizo, kumene ambiri mwa odwala adafikako chifukwa cha mowa ndi chamba. Komanso kuyambira m'chaka cha 2000 mabwalo athu ali ndi mphamvu yolamula wolakwa milandu ing'onoing'ono kuti agwire ntchito yothandiza anthu popanda malipiro m'malo mopita ku ndende. Chosowa ndi chingwe chomangira zinthu zimenezi pamodzi.

Zimene tingachite

Ndikupempha zinthu zinayi. Choyamba, aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto ataledzera azionedwa ndi wachipatala chilango chisanaperekedwe. Sipafunika makina odula. Bungwe la WHO lidakonza mafunso 10 otchedwa AUDIT othandiza kuzindikira ngati munthu amangomwa mosasamala kapena mowa udamugwira kale, ndipo namwino wophunzitsidwa angathe kuwafunsa m'mphindi zochepa pa chipatala cha boma ku Balaka. Chachiwiri, woweruza azilamula chithandizo molingana ndi zimene wachipatala wapeza: maphunziro kwa amene vuto lake nlaling'ono, kugonekedwa ndi uphungu wa nthawi yaitali kwa amene ali chidakwa. Chachitatu, nthambi ya boma yoona za pamsewu isamabweze laisensi popanda kalata yotsimikiza kuti munthuyo wamaliza zimene adalamulidwa. Chachinayi, akabwerera kumudzi pazikhala anthu omuyendera ndi kumulimbikitsa kwa chaka chathunthu.

Pali vuto limodzi loti tisalibise. Anyamata ambiri a kabaza ya njinga zamoto alibe laisensi, ndiye palibe chimene mungawalande. Kwa amenewa mphamvu ili m'manja mwa atsogoleri a pa siteji pawo ndi eni njinga. Mnyamata amene wagwidwa ataledzera asamaloledwe kunyamula munthu pa siteji mpaka ataonetsa kuti walandira chithandizo. Anzake ndiwo amadziwa amene wayamba ntchito atalawa, ndipo akadziwa kuti kumuulula ndi kumutumiza kuchipatala, osati kumutaya, sadzachita mantha kuyankhula.

Nanga amene adaferedwa?

Ena anena kuti, "Inu aseminale mukuchitira chifundo wakupha, nanga mayi amene mwana wake adagundidwa pamsewu mwamuiwala?" Funso limeneli nlolemera ndipo liyenera kuyankhidwa mwaulemu. Madzi akatayika saoleka, ndipo palibe chithandizo chimene chingadzutse mwana amene adaikidwa m'manda. Amene wapha kapena kuvulaza munthu chifukwa cha kuledzera alandire chilango chonse chimene lamulo lidaika. Sindikupempha kuti chichepetsedwe ngakhale ndi tsiku limodzi. Chimene ndikupempha ndi chakuti chithandizo chiyambire ku ndende komweko. Tsiku lina munthuyo adzatuluka, ndipo ntchito yokhayo imene amaidziwa ndi kuyendetsa galimoto. Funsani mayi woferedwa uja ngati akufuna kuti mayi mnzake adzalire maliro ngati ake. Chithandizo cha dalaivala ndi chitetezo cha mwana wotsatira.

Ena ati dziko lathu nlosauka, ndalama zake zichokera kuti? Koma kodi ndende nzaulere? Wandende amadya, amadwala, amafuna omulondera. M'chaka cha 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti lidagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza zosayenera munthu. Nanga ndalama zimene zimathera pa munthu wothyoka msana wogonekedwa ku Queen Elizabeth kwa miyezi, kapena pa ana amasiye osiyira sukulu panjira, adaziwerengapo ndani? Gawo lina la chindapusa lingathe kulipirira maphunziro a wolakwayo. Eni mabasi ndi makampani a mathiraki nawo athandizepo, pakuti galimoto zimene zimaphwanyika nzawo. Boma limatolera msonkho pa botolo lililonse la mowa wa m'fakitale, ndipo si chinthu chachilendo kupempha kuti kachigawo kena kakonze zimene mowawo waononga.

Enanso ati munthu sungamuchize momukakamiza. Nzoona kuti ena adzamaliza chithandizo nkubwereranso ku mowa. Koma wodwala matenda a shuga akaphwanya malangizo a dokotala sitimuthamangitsa kuchipatala, timamuyambitsanso. Ndipo zidakwa zochepa kwambiri ndizo zimapita zokha kukafuna chithandizo. Ambiri amapita mkazi atanyamula katundu, kapena bwana ataopseza kuwachotsa ntchito. Tsiku limene munthu waima pamaso pa woweruza, manyazi atamugwira, ndilo tsiku limene khutu lake lili lotseguka. Tikalitaya tsiku limenelo, mwina lina silidzapezekanso.

Ntchito ya parishi ndi mphakati

Kuchokera pa Phalula kupita ku Mzuzu kapena ku Lilongwe ndi ulendo wautali, ndipo malo ogonekerako anthu ndi ochepa. Ngakhale amene wapeza malo adzabwerako patapita masabata ochepa, nkupeza mabala ndi anzake aja ali pomwe adawasiya. Apa mpamene Mpingo uli ndi chuma chimene boma lilibe. Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mphakati, parishi iliyonse ili ndi holo kapena kalasi yomwe imangokhala madzulo, ndipo tili ndi akatekisiti amene anthu amawakhulupirira. Gulu la anthu osiya mowa silifuna zambiri: chipinda, mabenchi, tsiku lodziwika pa sabata, ndi lamulo lakuti zonenedwa m'menemo zithere momwemo. Khomo lake likhale lotsegukira onse, Akatolika, a mipingo ina ndi abale athu Achisilamu amene ndi ochuluka m'maboma a Balaka ndi Machinga, chifukwa thiraki ikasiya msewu sifunsa chipembedzo cha munthu.

Sakramenti la Kulapa limatiphunzitsa kale njira imeneyi. Wolapa amaulula tchimo lake, amamva chisoni, amatsimikiza mtima kuti sadzachitanso ndi kupewa zonse zimene zingamugwetsenso, kenaka amachita zolipira. Wansembe amene wamva kulapa kwa dalaivala woledzera wachita bwino kumukhululukira m'dzina la Mulungu, koma achite bwino koposa pomuuza kumene angapeze chithandizo, ndi kumufunsa akakumana naye panja pa tchalitchi kuti kunyumba kuli bwanji. Miphakati nayo isiye kumuona munthu wotere ngati wodetsa mbiri ya Mpingo. Tisaiwalenso mkazi ndi ana ake, amene nthawi zambiri asenza manyazi ndi njala kwa zaka ali chete.

Kwa inu makolo athu, chonde musamathamangire kugulitsa mbuzi kuti mwana atuluke msanga nkuyesa kuti nkhani yathera pomwepo. Lipirani ngati mungathe, koma mawa lake mutengeni mupite naye kuchipatala. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mawu kwa ife eni

Nkhaniyi ikutikhudzanso ife a m'nyumba muno. Ena mwa ife, Mulungu akalola, tidzadzozedwa unsembe, ndipo tsiku lina tidzapatsidwa makiyi a galimoto ya parishi. Tidzayenda maulendo a usiku kuchokera ku maukwati, ku zikondwerero ndi ku misonkhano kumene anthu okonda wansembe wawo sadzalola kuti tambula yake iume. Kolala ya unsembe sisintha kagwiridwe ntchito ka chiwindi. Ku America adazindikira zimenezi kalekale, ndipo m'chaka cha 1956 Mkatolika wina dzina lake Austin Ripley adatsegula nyumba yotchedwa Guest House ku Michigan yothandiza ansembe ogwidwa ndi mowa. Ambiri adabwerera ku maparishi awo nakatumikira bwino. Wansembe kapena mseminale wovutika ndi mowa asabisidwe kapena kungosamutsidwira ku parishi ina. Athandizidwe msanga, ngozi isanachitike. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choncho ndikupempha Abambo otiphunzitsa kuti aitane a chipatala kapena Abulazala a St John of God adzatiphunzitse za matendawa tisanamalize Fomu 4. Ndikupempha a Chilungamo ndi Mtendere m'madayosizi athu kuti nkhani yomanga pamodzi chilango ndi chithandizo aifikitse kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi kwa oweruza milandu. Ndipo ife aseminale tikapita ku tchuthi, aliyense afunse Bambo Mfumu a ku parishi kwawo funso ili: kodi munthu wofuna kusiya mowa m'parishi muno angagogode pa khomo liti? Ngati khomolo palibe, tiyambe ndife kusesa chipinda ndi kuikamo mabenchi.